Agogo sankalola kuti madzi a mpunga atayidwe

Lamlungu lapitali mwana wanga wamkazi ankaphika mpunga kuno kwathu ku Chilomoni. Madzi anamuchulukira, ndiye anapendeketsa poto n'kuyamba kutsanulira madzi oyera aja m'ngalande ya kuseri kwa khitchini. Ndinangozindikira ndakuwa kale kuti, "Iwe, usataye!" Mwanayo anadzidzimuka. Nanenso ndinadzidzimuka, chifukwa mawuwo sanali anga. Anali a agogo anga aamuna, obereka bambo anga, amene anatisiya ndili Sitandade 7.

Kwathu ndi ku Lunzu. Tili ana, mpunga unkaoneka pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere basi, kapena kukabwera mlendo wolemekezeka. Tsiku loterolo agogo ankakokera mpando wawo wandalema pafupi ndi khitchini, kapu yachitsulo ili m'manja. Amayi akamatsanula madzi mumphika ankathira m'kapumo. Agogo ankawaza kamchere n'kumamwa pang'onopang'ono, osayankhula ndi munthu. Ife tinkayesa ndi zaukalamba. Tsiku lina mkulu wanga anawafunsa kuti, "Agogo, nkhuku ilipo, mpunga ulipo, nanga madziwo mukumweranji?" Anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Adzukulu anga, ine ndi maso angawa ndinaona amwenye akupempha madzi a mpunga. Mpungawo anali atasiya kuupempha, ankadziwa kuti palibe angawapatse. Ankangopempha madzi ake."

Sitinawakhulupirire. Mmwenye amene ife tinkamudziwa anali wa ku Limbe. Bambo anga anali telala, ndipo kwa zaka 23 makina awo a Singer ankakhala pakhonde la sitolo ina ya amwenye kumeneko. Pa holide ndinkawaperekeza kukawathandiza kusita ndi simbi yamakala ndi kusokerera mabatani. Ndinkaona nsalu zosanjikizana mpaka kudenga, galimoto ili panja, fungo la ndiwo zokometsera likutsika kuchokera kunyumba ya pamwamba pa sitolo. Mwana wa ku Lunzu ukanamuuza kuti mmwenye angagone ndi njala, akanati ukumunamiza.

Agogo anali msilikali wa Keyala, King's African Rifles. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anyamata a ku Nyasaland anali m'gulu lalikulu la asilikali a kuvuma kwa Africa limene linatumizidwa ku Ceylon mu 1943. Chaka chotsatira anawatengera ku Burma kukamenyana ndi Majapani, ndipo njira yake inadutsa ku Bengal, chigawo cha kum'mawa kwa India. Anamenya nkhondo m'chigwa cha Kabaw mvula ili pakati, m'matope ndi m'malungo, mpaka kukafika ku Kalewa pamtsinje wa Chindwin mu Disembala 1944. Za nkhondoyo agogo sankakonda kukamba. Zimene ankabwereza zinali za m'masiteshoni a sitima ku Bengal. Ankanena za amayi obereka ana owonda ngati nkhuni, atakweza timbale tadothi kumawindo, akutchula liwu limodzi lokha limene agogo ankalimva kuti "fani". Nditakula ndinadzapeza kuti liwulo ndi phan, la Chibengali, ndipo limatanthauza madzi otsanulidwa mumphika wa mpunga. Tsiku limene ndinaliwerenga, ndinatseka buku n'kuyamba ndatuluka panja.

Ntchito yanga ndi ya maakaunti. Munthu akandiuza kuti bizinesi yagwa, sindiyamba ndi kumvera chisoni, ndimayamba ndi kufunsa kumene ndalama zinkalowera ndi kumene zinkatulukira. Nkhani ya agogoyi ndinaifunsanso chimodzimodzi. Bengal ndi dziko la madzi ambiri ndi dothi lachonde, kumene mpunga amakolola kangapo pachaka. Anthu ake anafika bwanji popempha madzi a mumphika?

Angerezi sanafike ku India ngati boma. Anafika ngati kampani ya malonda, East India Company, imene Mfumukazi Elizabeth woyamba anaipatsa chilolezo pa 31 Disembala 1600. Kwa zaka zambiri anali amalonda opempha malo m'mphepete mwa nyanja oti amangepo nyumba zosungiramo katundu. Timati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa litakwera sanaume. Mu 1757, ku Plassey, Robert Clive anagonjetsa wolamulira Bengal, Siraj ud-Daulah, atagwirizana kale mseri ndi mkulu wa asilikali ake, Mir Jafar, kuti gulu lake lingoima osamenya. Mu 1765 mfumu yaikulu ya India, ya ufumu wa Mughal, Shah Alam II, inapereka kwa kampaniyo mphamvu yotolera msonkho ku Bengal, Bihar ndi Orissa.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa zonse zotsatira zinachokera apa. Chisanafike chaka chimenecho, Mngerezi akafuna nsalu ya ku Bengal ankabwera ndi siliva wochokera kwawo. Chitadutsa, sanafunikenso kubwera ndi kanthu. Ankatolera msonkho kwa anthu a ku Bengal, n'kutenga gawo la msonkhowo kugulira nsalu za anthu omwewo, n'kukazigulitsa ku London. Yerekezani mayi wogulitsa tomato pamsika wa Lunzu. M'mawa ndabwera ndamulanda K20,000 kuti ndi msonkho. Masana ndabwera ndi K20,000 yomweyo ndagula dengu lake lonse, ndakagulitsa mumzinda, phindu ndasunga kwathu. M'buku la maakaunti zioneka kuti mayiyo walipidwa, ndipo lisiti lilipo. Koma madzulo alibe tomato, ndalama imene ali nayo ndi yake yomwe ija ya m'mawa, ndipo mawa ndibweranso. Zoterezi zinachitika kwa anthu mamiliyoni, chaka ndi chaka.

Patangotha zaka zisanu, mu 1770, mvula itavuta, njala inapha munthu mmodzi pa atatu aliwonse ku Bengal, anthu pafupifupi 10 miliyoni malinga ndi kuyerekeza kwa nthawiyo. Chimene chimandiwawa ndi lipoti la Warren Hastings, mkulu wa kampaniyo ku Bengal, la mu 1772. Iye mwini analemba kuti msonkho umene unatoleredwa mu 1771 unaposa wa mu 1768, njala isanabwere. Midzi inali mabwinja, koma ndalama zinakwana ndithu, kutanthauza kuti otsala amoyo analipirira ndi akufa omwe.

Kampaniyo inachotsedwa pa ulamuliro mu 1858, anthu ndi asilikali achimwenye ataukira mu 1857, ndipo boma la Britain linatenga dzikolo lokha. Koma mpopi sunatsekedwe. India ankalipira ndalama za penshoni za azungu opuma ntchito ku England, ndalama zoyendetsera ofesi ya India ku London, chiwongoladzanja cha ngongole, ngakhale nkhondo zina zimene asilikali ake ankatumidwa kukamenya kunja. Dadabhai Naoroji, mmwenye amene anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Britain mu 1892, anathera moyo wake akuwerengera ndalama zimenezi ndi kusonyeza kuti umphawi wa India unali chuma chimene chinkatuluka osabwerera. Monga munthu wa manambala, ndimamulemekeza kwambiri mkuluyu. Sanakuwe. Anangotsegula mabuku awo omwe n'kuwawerengera.

Nkhani ya nsalu imandikhudza mwapadera chifukwa ndinakula ndi fungo la nsalu yatsopano ndi mafuta a makina. Angerezi asanakhale ndi mafakitale, India ndiye ankaveka dziko lapansi. Nsalu ya calico inatenga dzina ku mzinda wa Calicut. Ya muslin ya ku Dhaka inali yopyapyala moti mafumu akutali ankailimbirana. Nsalu zimenezi zinkagulidwa kwambiri ku England mpaka owomba nsalu a kumeneko anadandaula, ndipo nyumba ya malamulo inakhazikitsa malamulo mu 1700 ndi mu 1721 oletsa zambiri mwa nsaluzo. Anatchinga msika wawo mpaka makina a ku Lancashire atakhwima. Atakhwima, anatsegula msika wa India kuti nsalu za ku Manchester zizilowa ndi msonkho wochepa. India anasanduka wolima thonje lotumiza kunja ndi wogula nsalu yopangidwa ndi thonje lake lomwe. Opota ulusi ndi owomba nsalu ambirimbiri anasiya luso la makolo awo n'kukadzazana m'minda imene inali yodzaza kale. Ndi anthu otere, opanda munda wokwanira ndi opanda luso logulitsa, amene njala imayamba kutola.

Katswiri wa mbiri ya zachuma Angus Maddison anawerengera kuti mu 1700 India ankapanga pafupifupi 24 pa 100 aliwonse a chuma cha dziko lonse, ndipo pofika 1950 anali pa 4 okha. Mbali ina n'chifukwa choti mayiko a azungu anakula mofulumira ndi makina, sindikukana. Koma funso langa ndi lakuti, ndani ankagwira chiwongolero ku India nthawi imene enawo ankakula? Ndikamadutsa pa Ginnery Corner ndimaganiza zomwezi. Dzinalo ndi la makina opatula thonje ndi njere zake, ntchito yoyambirira chabe, kuti thonje lathu lipepuke popita kunyanja. Bambo anasiya utelala kaunjika atadzaza misika, poti palibe ankabweranso kudzasoketsa shati. Sizofanana ndi za ku Dhaka, koma ndikudziwa nkhope ya mmisiri amene manja ake akadali aluso pamene ntchito yake yaphedwa ndi katundu wochokera kutsidya kwa nyanja.

Ndikamawerenga za minda, ndimachita ngati ndikuwerenga za kwathu. Mu 1793 Lord Cornwallis anakhazikitsa lamulo ku Bengal losandutsa otolera msonkho, otchedwa zamindar, kukhala eni nthaka, ndipo alimi amene makolo awo analima pamenepo kuyambira kale anasanduka alendi. Ku Champaran, m'chigawo cha Bihar, mlimi ankakakamizidwa kudzala indigo, mbewu yopangira utoto wabuluu, pa magawo 3 mwa magawo 20 a munda wake, n'kugulitsa kwa mzungu pamtengo wonena mzunguyo. Kumeneko ankati tinkathia. Ife tinkati thangata. John Chilembwe anaukira mu 1915 chifukwa cha nkhanza za m'maesiteti ngati a ku Magomero ndiponso kutengedwa kwa anyamata athu kupita kunkhondo ya azungu. Mu 1917 Gandhi anafika ku Champaran, alimi atamuitana kudzaona mavuto awo. Pakati pake pali zaka ziwiri zokha. Anthu awa sankadziwana, koma goli linali la mmisiri mmodzi.

Ndipo pali chinthu china chimene kusukulu sindinachimvetse kukula kwake. Harry Johnston atabwera kudzakhazikitsa boma la atsamunda kuno mu 1891, asilikali ake oyamba anachokera ku India, Asikh ndi okwera pamahatchi a ku Hyderabad, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire amene anafera kunkhondo yolimbana ndi mfumu Makanjira chaka chomwecho. Choncho anthu ogonjetsedwa anabweretsedwa kudzagonjetsa ife. Patapita zaka 53, mwana wa ogonjetsedwa a kuno, agogo anga, anakwezedwa sitima kukateteza India wa Angerezi.  Enanso oposa 1 miliyoni anachoka ku India pakati pa 1834 ndi 1917 atadinda chala pa mapepala a ntchito, kupita kuminda ya nzimbe ku Mauritius, Natal, Trinidad, Guyana ndi Fiji, m'malo mwa akapolo amene anali atangomasulidwa. Pafupifupi 32,000 anamanga njanji yochokera ku Mombasa kupita kunyanja ya Victoria, ndipo pafupifupi 2,500 anafera pantchitoyo.

Pasitolo ija ya ku Limbe panali gogo wina, mayi wa mwini sitolo. Ankakhala pakampando kukhomo la kuseri akusankha mpunga m'lichero, ndipo Chichewa ankachiyankhula bwino kuposa ana ake. Njere ikagwa pansi ankawerama n'kuitola. Tsiku lina bambo anamuuza nkhani ya agogo ndi kapu yawo. Gogoyo anasiya kusankha. Anati bambo ake anachoka ku Gujarat ali kamnyamata, abale awo ambiri ndi ng'ombe zonse zitatha ndi njala imene kwawo amaitcha Chhappaniyo. Imeneyi ndi njala ya 1899 mpaka 1900, nthawi ya bwanamkubwa Lord Curzon, ndipo dzinalo limachokera ku chaka cha 56 pa kalendala yawo. Ndinali mwana, ndinangomva ngati nthano. Lero ndimaona kuti ena mwa amene tinkawaona ngati anabadwira pandalama anali adzukulu a anthu othawa njala.

Njala zimenezi zinkabwera motsatizana. Ya 1876 mpaka 1878 inapha anthu osachepera 5 miliyoni kummwera ndi kumadzulo kwa India. Bwanamkubwa Lord Lytton ankakhulupirira kuti boma lisalowerere pa mitengo ya chakudya, msika udzikonza wokha. M'nyengo yomweyo matani pafupifupi 320,000 a tirigu anatumizidwa ku England. Pa 1 Januwale 1877, anthu akufa m'misewu ya ku Madras ndi Mysore, ku Delhi kunali phwando lalikulu lolengeza Mfumukazi Victoria kukhala wolamulira wamkulu wa India. M'misasa ya chithandizo, Richard Temple anadula chakudya kufika pa magalamu 450 a mbewu patsiku ndi kandalama kochepa, kwa munthu woswa miyala ndi kukumba ngalande tsiku lonse. Dzina la mfumukaziyo lili pamsewu waukulu wa mzinda wathu uno, Victoria Avenue, umene ndimayendamo tsiku lililonse popita kuntchito.

Tsopano ya agogo, ya 1943. Majapani atalanda Burma mu 1942, mpunga umene unkachokera kumeneko unasiya kubwera. Poopa kuti adaniwo alowa ku Bengal, boma linalamula kuti mpunga wa m'maboma a m'mphepete mwa nyanja uchotsedwe, ndipo mabwato otha kunyamula anthu oposa 10 alandidwe kapena aphwanyidwe. Mabwato oposa 40,000 anapita motero. Amene anafikako ku Nsanje kapena ku Chisi panyanja ya Chilwa akudziwa tanthauzo la bwato kwa munthu wokhala pakati pa madzi. Ndiye khasu lake, njinga yake ndi msika wake. Msodzi anasowa chophera nsomba, mlimi anasowa chopitira kumunda wa kutsidya, wamalonda anasowa chonyamulira mpunga. Mu Okutobala 1942 namondwe anawononga mbewu ku Midnapore. Boma linkasindikiza ndalama zambiri zolipirira nkhondo, mitengo inakwera kangapo, ndipo amalonda anayamba kubisa mpunga podikira kuti ukwerenso. Zigawo zina za India zinaletsa chakudya kutuluka m'malire awo. Mpunga umene unalipo unkapita choyamba kwa asilikali ndi kwa ogwira ntchito m'mafakitale a nkhondo ku Calcutta. Wakumudzi wopanda munda, msodzi, wometa, woumba mbiya, onsewa anatsala ndi ndalama zosagula kanthu.

Akuluakulu a boma ku India komweko anapempha London kuti itumize tirigu. Nduna za Winston Churchill, mtsogoleri wa boma la Britain, zinkakana kapena kupereka wochepa kwambiri, zikunena kuti sitima zapamadzi zikufunika kunkhondo. Nkhaniyi inkabisidwa mpaka nyuzipepala ya The Statesman ya ku Calcutta, mkonzi wake Ian Stephens, inasindikiza zithunzi za anthu akufa m'misewu mu Ogasiti 1943. Lord Wavell atakhala bwanamkubwa mu Okutobala anatuma asilikali kugawa chakudya, ndipo zinathandiza, umboni woti zikanatheka kale. Koma matupi anali atafooka. Mu 1944, chaka chimene agogo anadutsa, malungo, kolera ndi nthomba zinkamaliza amene njala inawasiya. Onse pamodzi anafa pafupifupi 3 miliyoni. Chiwerengerochi chikuposa anthu onse amene ankakhala mu Nyasaland nthawi imeneyo.

Amartya Sen anali mnyamata wa zaka 9 ku Bengal mu 1943. Atakula n'kukhala katswiri wa zachuma, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1998, anasonyeza kuti chakudya chimene chinalipo ku Bengal mu 1943 sichinali chochepa kuposa cha 1941, chaka chimene kunalibe njala. Anthu anafa chifukwa analibe mphamvu yochigula, ndipo olamulira analibe chifukwa chowaopera, poti sanasankhidwe ndi iwo. Chilandirireni ufulu, India waona chilala kangapo ndipo umphawi ulipobe wambiri, koma njala yopha mamiliyoni sinabwerenso. Mvula ndi yomwe ija. Chimene chinasintha ndi amene ali pampando ndi amene angawachotsepo. Agogo atabwerera kwawo anakumana ndi njala ya 1949, imene inavuta kwambiri kwathu ku Lunzu konko, amuna ena n'kuthawa mabanja awo. Ife tinaona ya 2002, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa. Mmalawi safunika kumuphunzitsa kuti njala ili ndi eni ake.

Mnzanga wina wa kuntchito, tikamakambirana izi pa nkhomaliro, amakonda kunena kuti, "Koma achimwene, anawasiyira njanji, makhoti ndi Chingerezi." N'zoona, ndipo sindingabise kuti zina zinali zabwino, monga kuletsa mwambo wowotcha akazi amasiye mu 1829, ngakhale kuti amwenye eni ake monga Ram Mohan Roy ndiwo analimbana nawo kwa zaka. Sitima yoyamba yonyamula anthu inayenda mu 1853 kuchokera ku Bombay kupita ku Thane, makilomita 34. Koma onani mmene inalipiridwira. Azungu oika ndalama m'makampani a njanji analonjezedwa phindu la 5 pa 100 chaka chilichonse, njanji ipindule kapena iluze, ndipo zoperewera zinkachokera ku msonkho wa mlimi wachimwenye. Njanjizo zinkalunjika kumadoko ndi kumalo a asilikali. Yathu yomwe, imene inafika ku Blantyre mu 1908, inamangidwira fodya, tiyi ndi thonje za m'maesiteti. Ndimamufunsa mnzangayo kuti ayang'ane mzere womaliza wa buku. Pamene Angerezi ankachoka, patatha zaka pafupifupi 190 chichitikireni nkhondo ya ku Plassey, mwana wobadwa ku India ankayembekezeka kukhala zaka 32 zokha, ndipo kalembera wa 1951 anapeza kuti odziwa kuwerenga sanafike 20 pa anthu 100 aliwonse.

Anthu akadandaula, yankho linali mfuti. Pa 13 Epulo 1919 ku Amritsar, Reginald Dyer analamula asilikali kuwombera khamu lopanda zida m'bwalo lotchingidwa ndi makoma la Jallianwala Bagh. Anawombera zipolopolo 1,650 kwa mphindi pafupifupi 10. Boma linati anafa 379, amwenye anati anaposa 1,000. Ku England anthu anasonkhera Dyer mapaundi 26,000. Patatha zaka 40, pa 3 Malichi 1959, zinali ku Nkhata Bay, kumene anthu osachepera 20 anawomberedwa padoko. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Ngakhale pochoka anasiya bala. Kuyambira 1909 Ahindu ndi Asilamu ankavota m'kaundula wosiyana, ndipo mpata pakati pawo unkakulirakulira. Mu 1947 loya wina wa ku London, Cyril Radcliffe, amene anali asanapondeko ku India, anapatsidwa masabata asanu kuti alembe malire a India ndi Pakistan. Malirewo analengezedwa pa 17 Ogasiti, ufulu utaperekedwa kale, moti anthu ena anakondwerera ufulu osadziwa dziko limene mudzi wawo uli. Anthu pafupifupi 15 miliyoni anasamuka, ndipo ophedwa m'njira anali masauzande mazanamazana, ena amati 1 miliyoni.

Sindikulemba izi kuti ndiyeretse aliyense. Bambo anga anakhala pakhonde lija zaka 23 osalowapo m'nyumba ya pamwamba pa sitolo, ndipo ndikudziwa Amalawi ambiri amene amagwira ntchito m'masitolo a ku Limbe pa malipiro osakwana thumba la ufa ndi lendi, akuyankhulidwa mawu osayenera munthu wamkulu. Mavuto a makolo a munthu samupatsa chilolezo chozunza wina. Mu 2018, achinyamata atakana kuti chiboliboli cha Gandhi chiimikidwe pa Ginnery Corner mpaka khoti linaimitsa ntchitoyo, ine ndinali kumbali yawo, chifukwa zimene Gandhi analemba za anthu akuda ali ku South Africa n'zonyoza ndipo zilipo polembedwa. Koma ndimadziwanso amene anakhoma makwerero aja, mzungu pamwamba, mmwenye pakati, ife pansi, aliyense ndi sukulu yake ndi dera lake lokhala. Wapakatiyo ankaloledwa kutsegula sitolo koma osalamulira, ndipo mkwiyo wathu unkathera pa iye chifukwa ndiye tinkakumana naye pakauntala. Kwawo kumene anachokera, iyeyo ndiye anali pansi.

Ndipo Gandhi yemweyo ndi amene pa 12 Malichi 1930 ananyamuka ku Sabarmati ndi anthu 78, kuyenda makilomita pafupifupi 385 kwa masiku 24 mpaka kunyanja ku Dandi, kukatola mchere ndi dzanja lake. Lamulo linkaletsa mmwenye kupanga kapena kugulitsa mchere popanda chilolezo cha boma, ngakhale wouma wokha pagombe, kuti aliyense, ndi wosaukitsitsa yemwe, alipire msonkho pa chakudya chilichonse. Anthu oposa 60,000 anamangidwa chifukwa cha mchere. Nditawerenga izi ndinakumbukira zala za agogo zikuwaza kamchere m'kapu muja. Amayi a m'masiteshoni aja, ngakhale akanapatsidwa madziwo, mchere wothiramo unali wa msonkho.

Lamlungu lija mwana wanga anaima ndi poto m'manja, akundiyang'ana ngati ndadwala. Ndinamuuza kuti abweretse kapu. Madzi otsala anakwana theka. Tinakhala pakhonde, ndinamuuza za Keyala, za sitima, za timbale tadothi ndi liwu lija. Analawa n'kunena kuti akukoma ngati phala lamadzimadzi la mwana wodwala. Kenako anafunsa ngati kapu yachitsulo ya agogo ikadalipo. Ndinaimbira azakhali ku Lunzu usiku womwewo. Akuti ili m'sutikesi pamodzi ndi mamendulo awiri ndi chiphaso cha usilikali, ndipo yachita dzimbiri pang'ono pa chogwirira. Tikaitenga Loweruka.